Andiimitsa kumanga nyumba itafika pa windo, akuti ndalowa mu msewu

Mphunzitsi wa ku Mchengautuwa:
Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, mtima wanga sunakhazikike chiyambire dzulo. Zaka zitatu zapitazo ndinagula puloti cha kumtunda kuno ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu, kwa bambo wina amene anati malowo ndi a makolo ake. Tinalemberana kalata, mfumu ya m'deramo inasaina ngati mboni, abale ake awiri anasainanso. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikumanga pang'onopang'ono, mwezi uno matumba asanu a simenti, mwezi winawo mchenga, pena ngongole ya ku banki mkhonde, mpaka nyumba yafika pa windo. Dzulo masana ndili m'kalasi mmisiri anandiimbira kuti kwabwera anthu a zamapulani. Apaka chizindikiro chofiira pa khoma lakumaso, asiya kalata yoti ntchito iime. M'kalatamo akuti ndikumanga popanda chilolezo, komanso mbali ina ya nyumbayo ili pomwe padzadutse msewu. Abale anga, msewu wake ine sindikuuona. Pali kanjira kopita kumadzi ndi nthochi za aneba basi. Ndine mayi wamasiye, ana atatu, ndatopa ndi lendi. Kodi agumula? Nanga ine amene ndinalipira ndalama zanga ndili ndi ufulu wanji? Amene mukudziwa zinthuzi ndithandizeni.

Mayi wa kaunjika mumsika:
Pepani aphunzitsi, pepani zedi. Mmene simenti yakwereramu, kuona penti yofiira pakhoma lako mtima umachita kuti phwii. Limbani, odziwa abwera.

Mmisiri wa ku Chibavi:
Amama, ndifunse kaye. Pulani ya nyumbayo inapita ku komiti yoona za mapulani n'kukadindidwa? Kapena inangojambulidwa pakhomo?

Mphunzitsi wa ku Mchengautuwa:
Anajambula mwana wa achemwali anga amene anaphunzira ntchito zomangamanga. Sitinaipititse kulikonse adada. Kuno aliyense amangokumba maziko n'kuyamba, ndinkayesa chilolezo ndi cha anthu omanga ku Katoto ndi ku Chimaliro.

Wakabaza pa Katoto:
Aphunzitsi musaope. Itanani amisiri anayi, Loweruka ndi Lamulungu ifike pa lintala, mukhome malata ngakhale obwereka, mulowemo ndi ana. Nyumba yogonamo anthu sagumula. Malamulo amenewa amaona ife osauka basi. Munthu wa ndalama akatchinga mpanda mpaka kudya njira ya anthu, mwamuonapo ndani akumupakira penti?

Mmisiri wa ku Chibavi:
Achimwene, malangizo amenewo asawatsatire amamawa. Ine ndagwira ntchito yomanga zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndinagwirapo ntchito yausiku yotereyi. Tinamanga ndi matochi, dothi lisanaume tikusanja mzere wina pamwamba, mwini nyumba akutithamangitsa kuti kukamacha malata akhale atakwera. Khoma lomangidwa chotero silikhala lowongoka, ndipo kalata inabweranso yachiwiri, yaukali kuposa yoyamba. Bamboyo anataya malata, mitengo ya denga ndi ndalama za ife amisiri pamwamba pa njerwa zomwe akanataya poyamba. Ukapitiriza kumanga utalandira kalata yoimitsa, wadziwonjezera mlandu wekha. Amama, uzani mmisiri wanu atole zida, afundike njerwa ndi pepala la pulasitiki chifukwa mvula ya kuno mukuidziwa, ndipo pasakwere njerwa ngakhale imodzi.

Saveya wopuma ntchito:
Ndawerenga zonse. Amama, poyamba pumani, kalata yoimitsa ntchito si kalata yogumula. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Yoyambayo ikuti imani pomwe mwafikapo. Yachiwiri, ikabwera, ndi imene imalamula chochita, kaya kukonza, kaya kuchotsa mbali ina, kaya kugwetsa zonse, ndipo imapereka nthawi. Pakati pa ziwirizi ndi pamene munthu amapulumutsira nyumba yake ngati ayenda msanga.

Za msewu wosaonekawo ndifotokoze, chifukwa ambiri zimawasokoneza. Msewu wa mumzinda umabadwa papepala. Akatswiri amajambula mapu a dera, apa mapuloti, apa msewu, apa ngalande, apa sukulu, apa msika, apa malo osamangapo chifukwa ndi dambo. Ife masaveya timapita kukakhoma mabikoni, timiyala ta simenti tija tokhala ndi chitsulo pakati. Giredala imatha kubwera patapita zaka khumi kapena osabwera n'komwe, koma pa mapu msewu ulipo. Nthawi yonseyo udzu umamera, anthu amadzala nthochi, ana amazula mabikoni, ndipo wogulitsa malo amangoloza ndi dzanja kuti malire anu ndi mtengo wa mapeyala uwo. Ndaziona kambirimbiri. Pa misewu ikuluikulu monga M1 yopita ku Karonga ndi M5 yotsikira ku Nkhata Bay malo osungidwa ndi mamita 60, kutanthauza 30 mbali iyi ndi 30 mbali inayo kuyezera pakati pa msewu. Ya m'malokeshoni ndi yocheperapo, ndipo mulifupi mwake mumalembedwa pa mapu a dera lomwelo.

Pa za chilolezo, lamulo lomwe likugwira ntchito ndi Physical Planning Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988. Silisankha kuti uku ndi ku Chimaliro, uku ndi ku Mchengautuwa. Kumanga nyumba, kuwonjezera chipinda, kugawa puloti pawiri, kusandutsa nyumba yogona kukhala shopu, zonsezi zimafuna chilolezo cha komiti yoona za mapulani. Zoti aneba anu onse anamanga popanda kufunsa ndi zoona, ndikukhulupirira, koma sizikutetezani.

Ndipo ndinene mosabisa, kalata yosainidwa ndi mfumu ndi umboni wakuti munapereka ndalama kwa munthu. Si umboni wakuti munthuyo anali ndi mphamvu yogulitsa. Mumzinda muno malo ambiri ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda, ndi Malawi Housing Corporation, kuphatikizapo anthu ndi mabungwe omwe ali ndi lizi. Madera a nyumba za anthu wamba, omwe kale ankayendetsedwa ndi Housing, anaperekedwa ku makhonsolo kumayambiriro a zaka za m'ma 1990. Choyamba chomwe mukafunse ndi chakuti puloti yanuyo ili pa malo a yani mwa amenewa.

Mphunzitsi wa ku Mchengautuwa:
Yewo chomene adada. Ndawerenga kawiri. Misozi ikutuluka koma bola ndayamba kumva pomwe ndaima.

Wakabaza pa Katoto:
Madala mwafotokoza bwino, ulemu wanu. Koma mundiyankhe ichi. Zaka zitatu mayiyu akukumba maziko, akuthira konkire, akusanja njerwa, palibe anabwera. Anali kuti? Bwanji osabwera tsiku lomwe khasu loyamba linalowa pansi? Amadikira munthu athere ndalama ndiye abwere ndi penti?

Saveya wopuma ntchito:
Mwana wanga, funso lakolo ndi lolondola ndipo sindikutsutsa. Lamulo likafika njerwa zili pa windo limapweteka munthu kuposa likanafika chingwe cha maziko chisanakokedwe. Koma uonenso kukula kwa mzindawu. Mzuzu anayambira pa esiteti ya mitengo ya tung chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 220,000. Ine ndikuyamba ntchito, madera ambiri omwe lero ndi malata okhaokha kunali tchire ndi minda ya chinangwa. Anthu anachuluka msanga kuposa mapuloti oyezedwa, ndipo oyendera zomanga sangakhale pa phiri lililonse tsiku lililonse. Sindikunena kuti zili bwino. Ndikunena kuti munthu akasowa puloti yovomerezeka sagona mumtengo, amagula komwe apeze, ndipo vuto limayambira pamenepo.

Namwino wa ku Zolozolo:
Apa mwalasa adada. Ine ndinalembetsa puloti ku ofesi ina yogawa malo, ndinalipira ya fomu, ndinadikira mpaka mwana amene ndinali naye kumbuyo tsiku limenelo analowa sekondale. Mapeto ake ndinagula kwa munthu ngati mmene achitira aphunzitsiwa. Sitichita dala kuphwanya lamulo, khomo lolowera bwinobwino ndi lopapatiza.

Mayi wa ku Masasa:
Ndilankhulepo ine amene ndinaona zina. Aphunzitsi ndikumva nanu chisoni, koma amene mukuti malamulo a mapulani ndi ongozunza osauka, mwina mu Epulo 2016 simunali kuno kumunsi. Mvula inagwa masiku otsatizana osakata. Usiku wina ndinadzuka kumva madzi akulira pansi pa bedi, nditaponda pansi anafika m'mawondo. Nyumba ya kumtunda kwathu inamangidwa pa malo ozika, mwini wake anadula phiri n'kusiya chigwembe cha dothi kumbuyo kwa khoma. Dothi lija linakhuta madzi n'kutsika lonse, khoma linagwera mkati. Tinafukula ndi manja ndi makasu, mdima uli bii, mvula ikutimenya. Mwana anatuluka wamoyo koma mwendo unathyoka. Tsopano mverani ichi. Galimoto inalephera kufika chifukwa njira yomwe kale inkalowa ngolo inali itadyedwa, uyu wasuntha mpanda pang'ono, uyo wamanga kabafa, winayo khola la nkhuku. Tinamunyamula pa chitseko mpaka kumsewu waukulu. Anthu anafa mumzinda muno chaka chimenecho, ambiri tinagona m'matchalitchi ndi m'masukulu milungu ingapo.

Kuyambira pamenepo ndikaona munthu akumanga m'njira ya madzi kapena akudya msewu, sindikhala chete ngakhale andide. Amene anagweredwa ndi khoma lija sanali olemera. Msewu wosungidwawo ndi wa ife tomwe, ndi umene ambulansi idzadutsepo tsiku lomwe mwana wa aphunzitsi adzadwale usiku.

Mayi wa kaunjika mumsika:
Ndakumbukira chaka chimenecho asisi. Ku Chibavi ndi ku Chiputula nakonso kunali kulira.

Wakabaza pa Katoto:
Amama a ku Masasa pepani, sindimanyoza zomwe munaona. Inenso njinga yanga imakanirira m'tinjira timeneto, pena kasitomala amatsika n'kuyenda pansi. Koma anthu omanga m'dambo ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Lunyangwa mukawauza kuti achoke, apite kuti? Malo a kumtunda mtengo wake ndi wa anthu a pa ntchito zikuluzikulu. Kuuza munthu kuti choka osamuonetsa kolowera ndi kungomusamutsira ku dambo lina.

Mayi wa ku Masasa:
Pamenepo tagwirizana achimwene. Inenso ndikadali komweko, si kuti ndimakukonda, kulibe kwina. Chomwe ndikukana ndi kuuza mnzathu kuti akhome malata usiku pa msewu.

Wophunzira zamalamulo:
Moni makolo anga. Ndikadali pasukulu ndiye zomwe ndinene zisalowe m'malo mwa loya, koma ndiwonjezere mbali ya ufulu, chifukwa aphunzitsi anafunsa zimenezo ndipo sitinawayankhe mokwanira.

Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994 aja, pa gawo 28 amati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi katundu ndipo asalandidwe mwachisawawa. Gawo 44 limati boma likhoza kutenga katundu wa munthu pokhapokha ngati n'zothandiza anthu onse, litamudziwitsa mokwanira, litamupatsa chipepeso choyenera, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wopita kukhoti. Koma gawo lomwe likukuthandizani kwambiri lero ndi 43. Limati ofesi ya boma ikamapanga chiganizo chokhudza inu, ichite motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndipo ikupatseni zifukwa zake polemba. Ndiye muli ndi ufulu wofunsa kuti akuonetseni mapu omwe akunena, akuuzeni kuti mwalowa mamita angati, ndipo akumveni musanalamulidwe kugwetsa kanthu. Simukupempha chifundo pamenepo, ndi zanu.

Pa chipepeso ndiye ndisakunamizeni. Munthu amene ali ndi lizi kapena umwini wodziwika ndi lamulo, boma n'kubwera kudzati tikufuna kudutsitsa msewu watsopano pamalo pako, ameneyo amalipidwa. Koma ngati msewu unali kale pa mapu inu musanagule, ndipo mwamanga popanda chilolezo, mlandu wofuna chipepeso ku boma umakhala wofooka kwambiri. Amene muli naye mlandu weniweni ndi amene anakugulitsani malo. Kalata ija ya mboni isungeni bwino, pamenepo ndiye ili ndi ntchito.

Pali kusiyana kwina komwe kufunika kufufuza. Madera ena a mumzinda muno anali midzi mzinda usanawafike. Ngati banja la wogulitsayo linalipo kale pamalopo, funso ndi lakuti pamene malowo ankalowa m'mapulani a mzinda, banjalo linalipidwa kapena ayi. Ngati linalipidwa n'kudzagulitsanso, ndi chinyengo chenicheni. Ngati silinalipidwe, nkhani imasintha maonekedwe.

Zochita: werengani bwino tsiku lomaliza lomwe lalembedwa m'kalatayo, musalidutsitse. Yankhani polemba, musangolankhula pakamwa, ndipo kope lanu alidinde kuti alandira. Ngati chiganizo cha komiti simukugwirizana nacho, lamulo limalola kuchita apilo, ndipo pamwamba pa zonse pali High Court yomwe ili konkuno ku Mzuzu. Kukatenga chiletso kukhoti kumadya ndalama ndipo sikuthetsa nkhani, kumangoimitsa. Legal Aid Bureau ili ndi ofesi mumzinda muno ya anthu osakwanitsa loya, ndipo ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo ngati ofesi ya boma yakuchitirani zosayenera.

Mphunzitsi wa ku Mchengautuwa:
Mwana wanga Mulungu akudalitse pa maphunziro ako. Ndalemba manambala a magawowo kuseri kwa kalata.

Mkulu wa mudzi ku dera lina:
Ndakhala chete kuyambira m'mawa koma dzina la mafumu latchulidwa, ndiye ndiyankhe. Ine ndine mmodzi mwa amene amasaina makalata otere, ngakhale si ine ndinasaina ya amamawa. Anthu amabwera pakhomo panga awiri, wogula ndi wogulitsa, agwirizana kale mtengo. Akufuna mboni kuti mawa wina asakane. Ndikakana, adzagulitsanabe kuseri popanda mboni iliyonse, ndipo mkangano ukabuka udzafikanso pakhonde langa lomweli. Maliro a m'dera ndi ife, mikangano ya malire ndi ife, akuba ndi ife. Koma mapu a dera langa ine sindinawaonepo ndi maso. Ndingadziwe bwanji kuti pansi pa nthochi pali msewu?

Namwino wa ku Zolozolo:
Adada ndi ulemu wonse, ngati mapu simunawaone, bwanji mumalandira ya mboni? Munthu akaona chidindo chanu amagona tulo poganiza kuti zonse zili m'malo.

Saveya wopuma ntchito:
Amama anamwino anena zoona, ngakhale zikuwawa. Lamulo la mafumu silipereka mphamvu kwa mfumu mkati mwa mzinda pokhapokha khonsolo italola, n'chifukwa chake boma limawatchula kuti ma block leader. Kugawa kapena kugulitsa malo a mumzinda si ntchito yawo. Koma adadawa anenanso chinthu chofunika chomwe tisachitaye. Mapu akamakhala mu kabati ya mu ofesi, amateteza ndani? Ine ndikanakonda dera lililonse mapu ake akhomedwe pa sukulu kapena pa msika, pomwe mayi wogula puloti angaime n'kuloza ndi chala kuti apa ndi pomwe akundigulitsa. Khansala wa dera ndi komiti ya chitukuko angathe kupempha zimenezi. Ndipo mkulu wa mudzi asanasaine, anene mawu amodzi okha kwa wogula, kuti pitani kaye mukafunse ku zamapulani. Safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa akadziwa kuti pali pofunsa.

Mkulu wa mudzi ku dera lina:
Ndamva adada. Mawu amenewo ndiyamba kuwanena. Za mapu ndikazitula ku msonkhano wa komiti, ndione ngati atipatse.

Landilodi wa ku Luwinga:
Ine ndibweretse mbali ina, pepani aphunzitsi ngati ndikupatutsa nkhani yanu. Kale ndinali m'gulu la onena kuti malo ndi anga, ndichita zomwe ndifuna. Ndili ndi lizi ya zaka 99, ndimalipira ground rent, ndimalipira city rate, ndiye wina adzandiuze chiyani? Ophunzira a ku yunivesite atachuluka kuno ndinamanga zipinda zisanu ndi chimodzi kuseri kwa nyumba osafunsa munthu. Ndalama inkalowa. Kenako neba wanga anasandutsa nyumba yake kukhala bala. Nyimbo mpaka 3 koloko m'mawa, oledzera kukodza pa mpanda wanga, atsikana omwe ankachita lendi kwa ine anayamba kuopa kubwera mochedwa kuchokera ku laibulale, atatu anasamuka. Nditapita kukamudandaulira anandiyankha mawu anga omwe aja, akuti malo ndi anga. Ndinasowa chonena. Ndinkafuna lamulo limugwire iye, pamene ine zimbudzi ziwiri za anthu khumi ndi awiri ndinazikumba pafupi ndi chitsime cha neba wa kumunsi. Tsiku limenelo ndinamvetsa kuti lizi imakupatsa malo koma imanenanso ntchito ya malowo, yanga inalembedwa kuti nyumba yogona. Ndinapita ndekha kukapempha kuti zipinda zija zivomerezedwe. Anandiuza zosintha, chimbudzi chimodzi ndinakwirira n'kumanga septic tank, ndinalipira zomwe anandiuza. Zinandiwawa m'thumba koma pano ndimagona.

Wakabaza pa Katoto:
Nanga bala lija linatsekedwa?

Landilodi wa ku Luwinga:
Tinalemba kalata aneba asanu ndi awiri, tonse kusaina. Zinatenga nthawi, koma pano pali grosale. Ukadandaula wekha amati ndi nsanje, mukakhala ambiri amamva.

Mnyamata wogulitsa mabuloko:
Aphunzitsi mukadzayambiranso mundiuze, mabuloko a simenti ndili nawo, ndimabweretsa mpaka pamalo.

Adimini:
Achimwene malonda tsiku lake ndi Lachisanu, lero tithandize amamawa kaye. Komanso ndachotsa uthenga wa amene analemba dzina la wogulitsa malo uja ndi nambala yake. Nkhani isanaweruzidwe sititchula munthu pagulu pano.

Wakabaza pa Katoto:
Ine ndabweza mawu anga a malata ausiku, aphunzitsi musawatsatire. Koma mawu ena aja sindibweza. Tsiku lomwe ndidzaone penti yofiira pa mpanda wa munthu wa galimoto zitatu ndi pomwe ndidzakhulupirire kuti lamuloli ndi la tonse. Likamaluma mbali imodzi anthu amasiya kuliopa, amangoona ngati tsoka.

Wophunzira zamalamulo:
Achimwene pamenepo palibe angakutsutseni, gawo 20 la malamulo omwe aja limaletsa tsankho, ndipo chuma cha munthu chatchulidwamo. Chovuta n'chakuti kukhoti sungadziteteze ponena kuti uje nayenso analakwa. Koma ngati nzika mungathe kulemba dandaulo pa mpanda womwe wadya njira, ndi kufunsa yankho polemba. Ambiri timangolankhula pa siteji.

Mphunzitsi wa ku Mchengautuwa:
Abale, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera, papita masiku asanu ndi atatu. Lachinayi ndinapempha chilolezo kwa ahedi n'kupita ndi kalata yanga yolemba pamanja monga anandiuzira mwana wa zamalamulo. Anadinda kope langa. Mayi wina wa mu ofesimo anatulutsa mapu aakulu n'kuwayala patebulo, anandionetsa ndi pensulo. Msewu ulipodi, ukuchokera kumunsi kukalumikiza ku msewu wa ku sukulu, ndipo unajambulidwa ine ndisanagule. Ndinaima pamenepo miyendo ikunjenjemera.

Lolemba kunabwera saveya. Anayeza kuchokera ku bikoni ya puloti ya kuseri, anakumba pansi pa nthochi zija ndi khasu la aneba, n'kupeza kamwala ka simenti kali chigonere, chitsulo chake chachita dzimbiri. Anakoka chingwe. Chingwecho chinadutsa pakati pa chipinda chochezera, kusiya khonde lonse ndi windo lalikulu lija kunja. Zipinda zogona zitatu ndi khitchini zili mkati mwa puloti. Ndinakhala pa mulu wa mchenga n'kulira, chifukwa chipinda chimenecho ndi chomwe malemu bambo a ana ankachinena kuti chidzakhale chachikulu, alendo a kumudzi azidzakwanamo. Aneba awiri a mzere womwewo nawonso chingwe chawakhudza, wina mpanda, wina chimbudzi.

Andiuza kuti ndijambulitse pulani yatsopano kwa munthu wovomerezeka, nyumba ibwerere m'mbuyo, ndiipereke ku komiti pamodzi ndi pempho loti puloti ilembedwe m'dzina langa. Sanandilonjeze kuti zidutsa, ndipo ntchito ikhalabe chiimire mpaka yankho lituluke. Mbali yolowa mu msewuyo ndasankha kuichotsa ndekha ndisanalamulidwe, kuti ndipulumutse njerwa. Bambo wogulitsa uja foni sakuyankha, kunyumba kwake akuti anapita ku Mzimba. Lachitatu ndikupita ku Legal Aid ndi kalata ya mboni ija, chifukwa ndinalipira malo athunthu ndipo gawo lina sanali ake.

Adada a ku Chibavi, mmisiri wanga wapeza ntchito ina ku Ekwendeni. Mungabwere Loweruka kudzandithandiza kuphwasula khomalo bwinobwino?

Mayi wa ku Masasa:
Pepani asisi pa chipinda cha malemu. Loweruka ndibwera ndi mwana wanga wamkulu kudzathandiza kututa njerwa.

Mmisiri wa ku Chibavi:
Ndibwera amama, 7 koloko ndili pamalo. Khomalo munamangira dothi kapena simenti?

Mphunzitsi wa ku Mchengautuwa:
Maziko okha ndi simenti, pamwamba ndi dothi.

Mmisiri wa ku Chibavi:
Ndiye njerwa zambiri zituluka zamoyo. Tiyambira pamwamba mzere ndi mzere, osakankha khoma. Felemu ya windo tiyamba tachotsa, idzalowa pa khoma latsopano. Mubwereke wilibala ziwiri, ndipo musanatiyambitse mujambule khomalo ndi foni, chingwe cha saveya ndi bikoni zikuoneka, a Legal Aid adzafuna kuona.